Kuboola nthambi yopingasa m'chitsime chakale cha mafuta pogwiritsa ntchito coiled tubing

Chitsime cha mafuta chikayamba kutulutsa madzi ambiri kuposa mafuta, kapena kungofooka, kawirikawiri mafuta amakhala asanathe pansipo. Amakhala atatsalira patali pang'ono: kuseri kwa mng'alu wa mwala, m'kamzere kopyapyala komwe sikanafikidwe, kapena pakati pa zitsime ziwiri. Kuboola chitsime chatsopano kuchokera pamwamba potsatira mafuta ochepa chonchi n'kuwononga ndalama. Njira yotsika mtengo ndi kulowanso m'chitsime chakalecho, kutsegula zenera m'mbali mwa casing (paipi yaikulu yachitsulo yomwe imakhala khoma la chitsime), n'kuboola nthambi yokhota mpaka itagona mopingasa m'mwala wosunga mafutawo.

Coiled tubing ndi paipi yachitsulo imodzi yaitali, yopanda malumikiziro, yokulungidwa pa chigudumu chachikulu. Imatha kudutsa m'kati mwa tubing (paipi yocheperapo yokwezera mafuta pamwamba) yomwe ili kale m'chitsime, choncho simuzula chilichonse. Kuboola nayo kunayamba kukhazikika mu 1991, pomwe kampani ya Elf inaiyesa kufupi ndi Paris ndipo Oryx inaboola nayo nthambi yopingasa ku Texas. Ku Prudhoe Bay ku Alaska anthu aboola nthambi mazanamazana mwanjirayi kuyambira m'zaka za m'ma 1990, ndipo ku Sajaa ku Sharjah, m'dziko la United Arab Emirates, kampani ya BP inayamba mu 2003 kuboola nayo nthambi m'mwala wa gasi womwe pulesha yake inali itatsika kale.

Zinthu ziwiri muzisunge m'mutu pa sitepe iliyonse. Paipiyi siizungulira. Ndipo mwala womwe mukulowamo ndi wofooka pulesha, sungathe kudziteteza ku madzi omwe mukuupopera.

Sankhani chitsime mosamala

Yambani ndi malo opapatiza kwambiri m'chitsime, chifukwa ndiwo alamule kukula kwa zida zonse. Nthawi zambiri malowo amakhala nipple (kachigawo kopapatiza kokhazikamo zida) yomwe ili chakumunsi kwa tubing. Mu tubing ya mainchesi 4 1/2 mungathe kuboola dzenje la mainchesi 3 3/4 ndi paipi ya mainchesi 2 3/8. Mu tubing ya mainchesi 3 1/2 dzenje limakhala la mainchesi 3 kapena kucheperapo pang'ono, ndipo paipi yake imakhala ya mainchesi 2. Nipple ikapapatiza kwambiri imatha kupalidwa, koma imeneyo ndi ntchito ina yofunika kuikonzekera payokha.

Kenako onani ngati casing ndi tubing zili zamoyo. Tsitsani caliper (chida choyeza kukula kwa m'kati mwa paipi) ione dzimbiri ndi mabowo, yesani pulesha mu tubing ndi m'mpata wa pakati pa tubing ndi casing, ndipo yang'anani log ya simenti (kaundula wa miyezo yosonyeza mmene simenti wagwirira) pamalo pomwe mukufuna kutsegula zenera. Kuseri kwa casing pamalopo pakhale simenti wolimba. Popanda simenti chida chopalira chimangotsetsereka m'mbali mwa casing osalowa m'mwala, ndipo madzi kapena gasi wa m'mizere ina amapeza njira yolowera m'nthambi yanu yatsopano.

Mafuta omwe mukuwatsata akhalenso pafupi. Nthambi zotere zimafika mamita mazana angapo, zina n'kupitirira 1,000, koma si zoti mungapite nazo kulikonse komwe mwafuna.

Werengani pulesha musanakhudze chida chilichonse

Apa ndi pomwe ntchito yonse imapindulira kapena kuwonongekera, ndiye tikhalitsepo. Madzi wamba akaima m'chitsime amakankha ndi mphamvu ya 0.433 psi (muyezo wa pulesha) pa fiti iliyonse yotsika molunjika. Tiyerekeze kuti mwala wanu uli pa mafiti 9,000. Madzi okhaokha, opanda chowalemeretsa, akukankha kale ndi pafupifupi 3,900 psi pansipo. Ngati pulesha ya mwalawo inatsika kufika pa 2,500 psi chifukwa cha zaka zambiri zopopa mafuta, ndiye kuti mwaupitirira ndi 1,400 psi pampu musanaiyatse n'komwe. Mukaiyatsa, madzi obwerera m'mwamba amadutsa m'kampata kopapatiza pakati pa paipi ndi khoma la dzenje, ndipo kukhulana kwawo ndi makomawo kumawonjezera ma psi mazana ena.

Zotsatira zake zimadziwika. Madzi obooleramo amathawira m'mwala osabwerera pamwamba. Tinthu tolimba ta m'madzimo timatseka timipata tomwe mafuta amayenera kudutsamo, ndiye mumamaliza nthambi yokongola papepala koma yosatulutsa kanthu. Paipi nayo imakanikizidwira kukhoma n'kumamatira.

Palinso vuto lina lomwe ambiri amaliona mochedwa. Pulesha ikatsika m'mwala wa mchenga, mwalawo umayamba kung'aluka msanga kuposa kale. Koma mwala wa shale (mwala wochokera ku dongo) womwe uli pamwamba pake kapena pakatikati sunatulutse kanthu, ukadali ndi pulesha yake yakale, ndipo umafuna madzi olemera kuti usagumuke. M'dzenje limodzi muli mwala wina wofuna madzi opepuka ndi wina wofuna olemera. Mpata wa pakati pa ziwirizi ndi womwe muzigwiriramo ntchito, ndipo muudziwe ndi manambala.

Mukaudziwa, sankhani njira imodzi mwa zitatu. Yoyamba ndi kupitirira pulesha ya mwala pang'ono chabe, ndi madzi opepuka opanda zolimba, okhuthalitsidwa ndi mankhwala otchedwa xanthan kuti azinyamula zinyenyeswa za mwala. Yachiwiri ndi kugwiritsa ntchito madzi opepuka kwambiri n'kumawongolera pulesha ya pansi ndi choke (valavu yochepetsera zotuluka m'chitsime) pamwamba: pampu ikazima mumatsekako choke kuti pulesha ya pansi isasinthe. Yachitatu ndi kuboola pulesha yanu ili yochepa kuposa ya mwala, posakaniza madzi kapena mafuta ndi mpweya wa nayitrojeni, chitsime chikutulutsa mafuta uku mukuboola.

Njira yachitatuyi ndi yomwe coiled tubing imaposera mapaipi olumikiza. Ndi mapaipi olumikiza mumazimitsa pampu pa mafiti 30 aliwonse kuti muwonjezere paipi, ndipo nthawi iliyonse pulesha ya pansi imadumphadumpha. Ndi coiled tubing pampu siizima. Komabe ine sindingailimbikitse pa mwala wa mchenga wosagwirana bwino kapena pomwe nthambi idutse shale wambiri, chifukwa dzenje limagumuka. Imayenda bwino m'miyala yolimba monga limestone ndi mchenga wogwirana. Ndipo mukaisankha, muisunge kuyambira pomwe biti (mutu woboolera wa kunsonga kwa paipi) yakhudza mwala wa mafuta mpaka chitsime chitaperekedwa. Ola limodzi lopitirira pulesha limawononga khoma lomwe silinapange chotchinga chilichonse, mwina kuposa mmene likanawonongekera mukanaboola ndi madzi abwino kuyambira pachiyambi.

Jambulani njira, yesani paipi pa kompyuta

Nthambi zotere zimakhota msanga. Kuti mudziwe kukula kwa khona, gawani 5,730 ndi madigiri omwe mukukhota pa mafiti 100 aliwonse. Madigiri 40 pa mafiti 100 akupatsani khona la mafiti 143, kutanthauza kuti mukatsika mafiti pafupifupi 143 okha kuchoka pomwe mwayambira kukhota, mwagona kale mopingasa. Khona lakuthwa limakuthandizani kuzemba shale woipa, koma limadya kutalika kwa nthambi ndipo limavutitsa potsitsa liner (paipi yochirikiza khoma la nthambi) pamapeto. Musakhote kwambiri kuposa mmene mwala ukukukakamizirani. Onaninso zitsime zina zapafupi kuti musakaziboole.

Paipi yopyapyala ikamakankhidwa kuchokera pamwamba imayamba kupindika mokhotakhota, kenako n'kudzipota mozungulira m'kati mwa casing. Ikafika pamenepo, mphamvu yonse yomwe mukuwonjezera imathera pa makoma, biti osalandira kanthu. Amisiri amati paipi yachita lock-up. Pulogalamu ya kompyuta ikuuzani kuti zimenezi zichitika pa kutalika kwanji. Dziwani kuti casing yaikulu yomwe ili kumunsi kwa tubing ndiyo imapatsa paipi malo opindikira.

Werenganinso moyo wa paipi. Waya mukamaupinda uku ndi uku umaduka, ndipo coiled tubing imapindidwa ndi kuwongoledwa kasanu ndi kamodzi pa ulendo uliwonse wolowa ndi kutuluka: pochoka pa chigudumu, pokwera pa gooseneck (chitsulo chokhota chotsogolera paipi), polowa mu injector (makina okankhira paipi m'chitsime), kenako chimodzimodzi pobwerera. Pulesha ikakhala yambiri m'kati mwake pomwe ikupindidwa, imatopa msanga kwambiri. Kuboola kumabwereza kupindaku pa chigawo chimodzimodzi cha paipi kambirimbiri, choncho kaundula wa kutopa kwa chigawo chilichonse azilembedwa tsiku ndi tsiku. Nthawi zina kudula mamita angapo kunsonga kumasuntha malo otopawo. Ngati m'chitsime muli mpweya wapoizoni wa H2S, sankhani chitsulo chosaumitsidwa kwambiri, chifukwa chouma chimang'aluka msanga ndi mpweya umenewu.

Konzani chitsime, imikani zida

Tsekani mabowo akale omwe ankalowetsa mafuta, kaya ndi simenti kaya ndi plug, kuti asamwe madzi anu kapena kukuthirani gasi. Tsukani tubing, n'kutsitsa chitsulo choyesera chofanana kukula ndi kuuma kwake ndi zida zomwe zidzadutsemo. Chikakana kudutsa, zida zenizeni nazo sizidutsa.

Pamwamba pa chitsime pamakhala BOP (chida chotsekera chitsime kuti chisaphulike) yokhala ndi nsagwada zinayi: zotseka dzenje lopanda paipi, zodula paipi, zogwira paipi kuti isagwe, ndi zotseka mozungulira paipi. Pamwamba pake pamabwera lubricator (paipi yolowetseramo zida m'chitsime chokhala ndi pulesha), stripper yomwe imatseka mozungulira paipi ikuyenda, ndi injector yokhala ndi matcheni okankha ndi kukoka paipiyo. Chilichonse chiyesedwe ndi pulesha yochepa kenako yambiri, ndipo tsimikizani kuti nsagwada zodula zingadule paipi pamodzi ndi waya wa m'kati mwake. Ngati muziboola chitsime chikutulutsa, pafunika choke manifold, separator yolekanitsa gasi, mafuta, madzi ndi zinyenyeswa, ndi malo otenthera gasi patali. Nayitrojeni wopangidwa pamalopo ndi membrane (sefa yolekanitsa mpweya) amakhala ndi oxygen pang'ono yemwe amadya chitsulo ndipo angathandize moto akakumana ndi gasi, ndiye aziyezedwa nthawi zonse.

Zida za kunsonga zimalumikizidwa motere kuchokera pamwamba: cholumikizira paipi, mavalavu awiri oletsa za m'chitsime kukwera m'kati mwa paipi, chida chomasulira ngati mwakanirira, valavu yotulutsira madzi m'mbali, zida zoyeza komwe mwaloza pamodzi ndi gamma ray (muyezo wosiyanitsira mitundu ya miyala) ndi pulesha, orienter, mota yokhala ndi chigongono chopindika pang'ono, kenako biti. Mota imazungulira ndi madzi omwe mukupopa. Orienter ndiyo imatembenuza chigongonocho kuti chiloze komwe mukufuna, pakuti paipi yonse simungaizungulitse. Ngati muzipopa nayitrojeni, m'kati mwa paipi mukhale waya wamagetsi, chifukwa mauthenga otumizidwa ndi kugunda kwa madzi amazimirira m'madzi osakanikirana ndi mpweya. Wayawo umakupatsaninso pulesha ya pansi sekondi iliyonse, ndipo m'mwala wofooka imeneyo ndi nambala yomwe simungaichotsepo maso.

Tsegulani zenera

Musakhulupirire nambala ya kuya yomwe ikuoneka pamwamba. Paipi imatamuka ndi kulemera komanso kutentha, ndipo imagona mokhotakhota m'chitsime. Yerekezani gamma ray ndi malo a malumikiziro a casing ndi log yakale kuti mudziwe pomwe muli. Zenera lisagwere pa malumikiziro a casing.

Ikani whipstock, chitsulo chotsetsereka chomwe chimakankhira chopalira kukhoma. Pali mitundu yodutsa mu tubing yopapatiza n'kukagwira mu casing yaikulu kumunsi. Ilozetseni bwino, nthawi zambiri chakumtunda kwa dzenje kapena cham'mbali pang'ono, n'kuikanikiza kuti mutsimikize kuti yagwira. Njira ina ndi kuthira simenti mu casing, kuboolamo kanjira kopendekera kukhoma, n'kupala casing kuchokera m'kanjirako.

Kupala zenera kumafuna kudekha kuposa china chilichonse pa ntchitoyi. Chopalira cha dayamondi chizitsika pang'onopang'ono kwambiri, nthawi zina fiti imodzi pa ola. Malo ovuta ndi pomwe pakati pa chopalira pafika pa khoma la casing, chifukwa pakatipo sipadula bwino ndipo liwiro limatsikiratu. Pamenepo mtima umafuna kuwonjezera kulemera. Musatero. Chopalira chingadye whipstock yomweyo kapena kudumphira kunja msanga n'kusiya zenera lalifupi lomwe lidzakola chida chilichonse chodutsapo mpaka ntchito itatha. Yang'anani zomwe zikubwerera pamwamba: poyamba tizitsulo tonyezimira togwidwa ndi maginito, kenako simenti wotuwa, kenako mwala. Mukalowa m'mwala mafiti angapo, dutsani pa zenerapo kangapo ndi chosalazira mpaka zida zizidutsa pampu itazima popanda kukodwa. Tsukani tizitsulo tonse musanatsitse biti.

Khotani

Pafupi ndi casing, chitsulo chimasokoneza zida zoyeza ndi maginito, choncho mafiti makumi angapo oyamba muziwongolera potengera kumtunda ndi kumunsi kwa dzenje, kapena ndi gyro, chida choyeza komwe mwaloza popanda maginito. Kumbukiraninso kuti zoyezera zili mafiti angapo kumbuyo kwa biti. M'khona lakuthwa biti imakhala itakhota kale madigiri ochuluka kuposa omwe mukuwerenga, ndiye muziwerengeratu za kutsogolo kuti musapitirire mzere wa mwala womwe mukufuna kugonamo.

Biti ikamazungulira kumanja, paipi imapotokera kumanzere. Mukawonjezera kulemera chigongono chimasuntha, mukachepetsa chimabwerera. Woyendetsa injector ndi wowongolera njira akhale pamodzi n'kumauzana chilichonse. Mukagona bwino m'mwala wa mafuta, ambiri amatuluka n'kusintha mota, kuika ya chigongono chopindika pang'ono yoyenera chigawo chopingasa.

Boolani chigawo chopingasa

Mota yopindika imafuna kukhota nthawi zonse. Kuti mupite molunjika mumatembenuza chigongono uku ndi uku pa mafiti angapo aliwonse, kapena kugwiritsa ntchito orienter yozungulira yokha pang'onopang'ono mosalekeza. Njira yachiwiriyi imasiya dzenje losalala, ndipo dzenje losalala limakufikitsani patali. Kukhota kulikonse kosafunika komwe mwapanga koyambirira kwa nthambi mudzakulipira kumapeto kwake, paipi ikadzakana kupita.

Mdani wamkulu pano ndi zinyenyeswa. M'dzenje lopingasa zimagwa pansi n'kuyala mulu wautali, ndipo paipi yosazungulira ilibe chozivundulira. Imangogona pamwamba pake. Zizindikiro zake ndi izi: biti ikuchepa liwiro ngakhale mwala sunasinthe, kulemera komwe mukupereka pamwamba sikukufika pansi, pulesha ya pansi ikukwera pang'onopang'ono, ndipo zinyenyeswa zotuluka pamwamba n'zochepa poyerekeza ndi mafiti omwe mwaboola. Mankhwala ake ndi kubwerera m'mbuyo pampu ikupopa. Mukaboola mamita makumi angapo, kokani paipi pang'onopang'ono kuti madzi otuluka pa biti akankhe muluwo kutsogolo kwake, ndipo pakapita maulendo angapo bwererani mpaka pa zenera. Musathamange pokoka. Biti ikaupitirira muluwo, muluwo umatsalira kumbuyo kwake ndipo ulendowo wapita pachabe. Samalaninso mu casing yaikulu pamwamba pa zenera, momwe madzi amachepa liwiro n'kugwetsa katundu wawo. Maulendowa amadya nthawi ndipo amatopetsa paipi, n'chifukwa chake anthu amayesedwa kuwadumpha kuboola kukamayenda bwino. Musawadumphe.

Mota yaing'ono imaima msanga ikalemedwa. Mudzaona pulesha ya pampu ikudumpha mwadzidzidzi. Nyamulani biti nthawi yomweyo, dikirani pulesha ibwerere, n'kutsikanso mofatsa. Ndi nayitrojeni chizindikirochi chimachedwa kufika pamwamba chifukwa mpweya umapanikizika, ndiye dalirani zoyezera za pansi. Mpweyawu umalowanso mu labala ya m'kati mwa mota, ndipo mukatuluka mothamanga umafufuma n'kuing'amba.

Ngati mukuboola chitsime chikutulutsa, nthambi ikamatalika mafuta ndi gasi olowa amachuluka, ndipo pulesha ya pansi imasintha yokha. Sinthani nayitrojeni ndi choke pang'onopang'ono, chimodzi pa nthawi, n'kudikira kuti zikhazikike musanasinthenso. Pali phindu lina pano: mukadutsa mng'alu wokhala ndi mafuta mumaona pa separator posakhalitsa, ndipo mukakhudza madzi mumadziwanso. Gamma ray ikayamba kukwera, mwina mukuyandikira shale. Ngati mwatuluka m'mzere wabwino, bwererani m'mbuyo, lozetsani chigongono pansi, n'kuyamba nthambi ina m'dzenje lomwelo mwa kupala pang'onopang'ono.

Paipi ikakanirira, madzi akathawa

Pomwe pulesha yanu yapitirira ya mwala, musaimitse paipi pamalo amodzi kwa nthawi yaitali. Pa chitsanzo chathu chija cha 1,400 psi, paipi yokhudza khoma pa mafiti 20 m'litali ndi inchi imodzi m'lifupi imakanikizidwa ndi mphamvu yoposa mapaundi 300,000. Mukaona kuti madzi akuzungulira bwino koma paipi siikusuntha, mwina ndi zimenezi, ndipo kukoka mwamphamvu sikuthandiza. Chepetsani pulesha ya pansi popopa madzi opepuka, mafuta kapena nayitrojeni, uku mukuyang'anira kuti chitsime chisakudzidzimutseni. Ngati pulesha ya pampu yakwera ndipo madzi sakubwerera, ndiye kuti zinyenyeswa kapena shale wogumuka watseka. Pamenepo yesani kubwerera komwe munachokera, mukupopa pang'ono. Malire a kukoka alembedwe poonekera, ndipo gulu lonse ligwirizane ntchito isanayambe kuti chida chomasulira chidzagwiritsidwa ntchito zikafika pati.

Madzi akamathawa, chepetsani kaye liwiro la pampu muone ngati zisintha. Zotsekera ming'alu zikhale zosalala, chifukwa zida zopapatizazi zimatsekeka msanga, ndipo muzipope kudzera pa valavu ya m'mbali ija. M'mwala wa mafuta sankhani zosungunuka ndi asidi monga calcium carbonate.

Malizani

Lekani kuboola mukafika pomwe munafuna, kapena kulemera kukasiya kufika pa biti ngakhale mwatsuka dzenje ndi kuthira zoterereka. Kukakamira mafiti ena 100 pamenepo n'kuika pachiswe nthambi yonse. Tsukani komaliza mofatsa, n'kudutsa dzenje lonse pampu itazima kuti muone ngati liner idutsa.

M'mwala wolimba nthambi ingasiyidwe yopanda kanthu. M'mwala wokayikitsa tsitsani liner yong'ambidwa timipata. Pomwe pali madzi kapena gasi wofunika kutchingidwa, tsitsani liner yathunthu, thirani simenti wopepuka kuti mwala usang'aluke, n'kuboola mabowo pa zigawo zabwino zokha. Liner yaitali siikwana mu lubricator, choncho ngati munaboola chitsime chikutulutsa, njira yoitsitsira popanda kupha chitsime (kuchidzaza madzi kuti chileke kutulutsa) ikhale itakonzedwa kale pa nthawi yojambula, kaya ndi valavu ya pansi kaya ndi liner yotsekedwa mabowo kwa kanthawi. Mukakakamizika kuchipha, gwiritsani ntchito mafuta oyera kapena madzi amchere osefedwa, ongokwanira kugwira pulesha basi. Pomaliza popani nayitrojeni kuti chitsime chidzuke, chitsegulireni pang'onopang'ono pa choke, ndipo yezani mafuta, madzi ndi gasi padera kwa masiku angapo kuti muyerekeze ndi zomwe munayembekezera musanasankhe chitsime chotsatira.